Chikwangwani N'cha Mpingo, Nanga M'kalasimo?

Lolemba m'mawa mwezi wa Febuluwale, pa sukulu ina ya mishoni chakumpoto kwa msewu wa ku Mchinji, mnyamata wa Sitandade 7 akumenya chitsulo cha gudumu la galimoto chimene adachipachika mumtengo wa mango. Belu lake ndi limenelo. Ana akuthamangira ku asembule, ena nsapato zili m'manja chifukwa cha matope a kudambo. Achita chizindikiro cha mtanda, apemphera, aimba nyimbo ya fuko, ahedi akalipira ochedwa, basi aliyense m'kalasi mwake. Mu Sitandade 2 kaundula akuti muli ana 120, koma lero abwera 90. Akhala pansi mothithikana, wina kutsamira maondo a mnzake. Madamu alemba maphatikizo pabolodi, awerenga, kalasi ibwereza mokuwa mpaka malata kuchita phokoso. “Mwamva, ana inu?” “Eee, madamu!” Koma mukakhala kumbuyo kwenikweni, cha kukhoma, muona kuti mwana amene akukuwa “eee” kuposa onse buku waligwira chadodolido, ndipo maso ake ali pa chiwala chimene wachimanga mwendo ndi ulusi.

Panja pali chikwangwani cha dzina la woyera. Tsono kupatula dzinalo ndi pemphero la m'mawa, n'chiyani chikusiyanitsa sukuluyi ndi inzake ya kutsidya kwa mtsinje yomwe si ya mpingo? Aphunzitsi amawatumiza ndi boma, malipiro ndi a boma. Silabasi ndi mabuku amakonzera ku Malawi Institute of Education ku Domasi. Mayeso a Sitandade 8 ndi a MANEB. Mphunzitsi mwini angakhale wa CCAP, wa Seventh Day kapena Msilamu, ndipo anawo ndi a mipingo yonse ndi a kudambwe omwe. Mpingo uli ndi malo, midadada ndi mawu m'komiti ya sukulu. Ine ndimaona kuti mbali yaikulu ya chikatolika cha sukulu yotere yatsalira pa mwana wa chiwala uja: kodi alipo akumudziwa dzina, ndipo akalakwa chimamuchitikira n'chiyani?

Sukulu za Katolika m'dera lino zidayamba ndi ansembe. A White Fathers adatsegula Mua m'chaka cha 1902, Likuni ndi Kachebere posakhalitsa, kenako Nambuma m'chaka cha 1928. M'midzi munali timasukulu ta udzu, katekisiti ndiye anali mphunzitsi, ndipo kaphunzitsidwe kanali ka katekisimu: funso, yankho, funso, yankho, mpaka zitakhazikika m'mutu. Pambuyo pake kudabwera asisiteri a Teresian, chipani chimene adayambitsa Ambuye Mathurin Guillemé, ndipo ku Namitete asisiteri a Carmelite ochokera ku Luxembourg adatsegula chipatala cha St Gabriel m'chaka cha 1959, pa mishoni pomwe lero palinso sekondale ndi sukulu ya ntchito zamanja. Akuluakulu akamati “kusukulu za ansembe kunali mwambo”, sanama. Koma amaiwala kuti makalasi anali ang'onoang'ono, fizi inkasefa ana, ndipo wolephera kapena wovuta ankangosiya, nkhani n'kuthera pomwepo. Cholowa chathu kuchokera nthawi imeneyo chili pawiri: kusunga nthawi ndi ukhondo, komanso kuloweza mokuwa ndi kamkwapulo patebulo.

Maepiskopi, m'kalata yawo yotchuka ya pa 8 Malichi 1992, adadandaula kale za kuthithikana m'makalasi ndi kusowa kwa aphunzitsi ndi mabuku. Patangopita zaka ziwiri, m'chaka cha 1994, boma lidachotsa fizi ku pulayimale, ndipo chiwerengero cha ana chidalumpha kuchoka pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni. Adalemba aphunzitsi zikwizikwi osaphunzira ntchito, n'kumawasula ali kale m'kalasi kudzera m'ndondomeko ya MIITEP. Mlingo umene boma limafuna ndi ana 60 pa mphunzitsi mmodzi, koma m'makalasi a infanti kumidzi kuposa 100 si chachilendo. Pa kafukufuku wa SACMEQ wa 2007, ana a Sitandade 6 a ku Malawi adali kumapeto pa kuwerenga mwa maiko onse amene adayesedwa. Choncho malangizo aliwonse a kaphunzitsidwe amene sayambira pa kalasi ya ana 100 okhala pansi ndi malangizo a dziko lina.

Tiyambe ndi chimene amachikonda kwambiri ku koleji ndi m'misonkhano ya aphunzitsi ku TDC: magulu. Chiyambire silabasi ya PCAR m'chaka cha 2007, mphunzitsi aliyense amadziwa kuti a PEA, alangizi a maphunziro m'zoni, akabwera kudzayendera afuna aone ana ali m'magulu. Koma gulu la ana 15 ozungulira pepala limodzi ndi mwana mmodzi wolemba ndi 14 oonerera, ndipo atatu mwa iwo akutsinana. Aphunzitsi amene zimawayendera amachita mwina. Pokambirana, ana amakhala awiriawiri, aliyense ndi amene wayandikana naye, chifukwa pa anthu awiri palibe pobisala. Magulu amakhalapo ndithu, koma ndi okhazikika teremu yonse, a ana 8 kapena 10 ochokera mudzi umodzi kapena midzi yoyandikana, lililonse ndi dzina lake ndi mtsogoleri wake. Ntchito ya magulu amenewa ndi kuyendetsa kalasi. Taganizani: kuitana maina 120, dzina lililonse masekondi 5, ndi mphindi 10, pamene phunziro la infanti ndi mphindi 30 zokha. Koma mtsogoleri akaima n'kunena kuti “kwathu sanabwere awiri, wina akudwala malungo, wina wapita kuchigayo”, kaundula watha msanga, ndipo mphunzitsi wamva ndi chifukwa chomwe.

Chachiwiri n'chosavuta moti ena amachipeputsa: kanjira. Ana akakhala pansi amadzaza chipinda chonse ngati mbatata m'dengu, mphunzitsi n'kutsekeredwa kubolodi. Kujambula mizere iwiri ya choko pansi, kusiya kanjira pakati ndi kena m'mbali mwa khoma, kumasintha kalasi kuposa tchati chilichonse. Mphunzitsi akafika kumbuyo katatu kapena kanayi pa phunziro, phokoso la kumeneko limazilala lokha popanda kukalipa. Ndipo magulu azisinthana malo Lolemba lililonse, chifukwa kutsogolo kumakhala ana a aphunzitsi ndi a pa tauni, pamene ochokera kutali, ofika mochedwa, osaona bwino ndi obwereza kalasi amaunjikana kukhoma chaka chonse.

Funso loti “mwamva?” ndi lachabe. Palibe mwana wa ku Nsaru kapena kwa Kabudula amene angauze munthu wamkulu kuti “sindinamve”. Kwawo adamuphunzitsa ulemu. Kuyankhira pamodzi nako kuli ndi malo ake, kumadzutsa ogona ndi kulimbitsa amanyazi, koma kumanamiza: ana 20 odziwa amanyamula 70 otsatira mawu. Njira yoonera zoona ndi kuwapatsa chochita chooneka ndi maso. “Aliyense alembe ‘mwa’ m'kope mwake, akweze m'mwamba.” Kope likasowa, atuluke alembe ndi chala padothi, mphunzitsi ayende m'mizere. Pa masamu, akweze zala. M'kanthawi kochepa waona amene zawadutsa. Pofunsa mmodzimmodzi, funso liyambe, papite kamphindi, dzina libwere pambuyo, ndipo lisamagwere okhaokha okweza manja aja oti “ine madamu, ine madamu”.

Kuchonga ndiye mtolo umene umathyola aphunzitsi msana. Makope 120, lililonse theka la mphindi, ndi ola lathunthu pa phunziro limodzi lokha. N'chifukwa chake mumaona mzere wa ana kutebulo, madamu akungoika chichongi chofiira osawerenga, kumbuyo kuli chipwirikiti. Bwino kuchonga mofatsa magulu awiri kapena atatu patsiku, ena asinthane makope n'kuchongerana potsata mayankho a pabolodi. Pofika Lachisanu kope lililonse ladutsa m'manja mwa mphunzitsi, ndipo iye walemba m'kabuku kake maina a ofunika kutsala nawo kwa mphindi zingapo akaweruka.

Za zipangizo sindichulutsa, poti TALULAR, kugwiritsa ntchito zinthu zopezeka pafupi, aliyense adaimva: zitsekerero za mabotolo, zitsononkho, timitengo tomanga khumikhumi, malembo oumba ndi dongo, makatoni a sopo. Vuto ndi posunga, chifukwa makalasi ambiri alibe zitseko ndipo madzulo mumalowa mbuzi. Thumba la feteleza lotsuka bwino, lonyamula mtsogoleri wa gulu kupita nalo ku ofesi, limathetsa nkhaniyo. Chimene chimandiwawa ine ndi mabuku atsopano ogona m'kabati ya ahedi poopa kuti ang'ambika. Ndondomeko ya kuwerenga ya National Reading Programme, imene idayamba m'chaka cha 2016, idabweretsa mabuku ndi njira yomveka: liwu la lembo, phatikizo, mawu, chiganizo, mphunzitsi aonetse, achitire limodzi ndi ana, kenako mwana achite yekha. Gawo lomalizali ndi limene limadumphidwa nthawi ikathina, chonsecho ndi pamene pamaphunzirira mwana. Pa chiyankhulo, lamulo la maphunziro la 2013 lidati Chingerezi ndicho chophunzitsira, koma mphunzitsi wanzeru wa ku Mpingu amafotokoza chinthu chatsopano m'Chichewa mpaka chimveke, kenako n'kupereka mawu ake a Chingerezi ndi kuwagwiritsa ntchito mobwerezabwereza. Kulipiritsa kapena kuveka mwana chigoba m'khosi chifukwa wayankhula Chichewa kumangomuphunzitsa kukhala chete.

Tsopano nkhani ya mwambo, pamene pagona mkangano weniweni. Ndili Sitandade 5, pa sukulu ina imene sinditchula, ndidachedwa tsiku lina chifukwa mtsinje udadzaza. Chibalo chake chidali kukumba dzenje la zinyalala lofika m'chiuno. Ndidakumba masiku awiri, ndikumva anzanga pawindo akuphunzira kuphatikiza mafulakishoni. Dzenje lidatha bwino, aphunzitsi adaliyamikira, koma mafulakishoniwo adandizunza mpaka ku sekondale. Unduna wa zamaphunziro umaletsa kumenya ana, ndipo aphunzitsi ambiri adasiyadi kapena amachita mobisa. Koma m'malo mwa mkwapulo mudalowa chibalo cha nthawi ya phunziro: kutchetcha, kuzula chitsa, kugwada pamiyala, ngakhale kukatunga madzi a kunyumba kwa aphunzitsi ndi kukapalira munda wawo, kumene kuli kudyera ana masuku pamutu basi. Mwana wochedwa wataya kale phunziro loyamba. Kumutulutsanso n'kumulanda lachiwiri ndi lachitatu. Nayenso monita wolemba maina a olongolola aphunzitsi akachoka, kawirikawiri amangolemba adani ake ndi amene am'mana chimanga chokazinga.

Apa mphunzitsi wa sukulu ya Katolika sayenera kubwereka nzeru kutali, chifukwa Mpingo uli nazo zake. Yohane Bosco, wansembe wa ku Turin amene adamwalira m'chaka cha 1888, ankalera anyamata a m'misewu, ovuta kuposa athuwa, ndipo njira yake idali yopewa cholakwa chisanachitike: kufotokozera mwana chifukwa cha lamulo, chipembedzo, ndi chikondi choti mwanayo achione. Ankafuna mphunzitsi azipezeka pakati pa ana pabwalo nthawi yopuma, osati kukhala mu ofesi kudikira milandu. A Salesian ake ali ku Area 23 mu Lilongwe momwemu. Marcellin Champagnat, amene adayambitsa abulazala a Marist m'chaka cha 1817, omwe timawadziwa ku Likuni Boys, nayenso ankatsindika za kukhala pafupi ndi ana ndi kuwakonda mofanana. M'kalasi ya ku Nambuma zimenezi zikutanthauza zinthu zazing'ono. Mphunzitsi afike belu lisanalire, ntchito yoyamba ikhale ili kale pabolodi, pakuti chipwirikiti chambiri chimabadwa m'mphindi zimene ana alibe chochita. Malamulo akhale anayi kapena asanu, opangira limodzi ndi anawo. Pakhale chizindikiro chimodzi chodziwika choti tonse chete, kaya kuwomba m'manja katatu kaya kanyimbo kakafupi, m'malo momenya tebulo ndi dasitala. Wosokoneza muyandikireni, mutchuleni dzina motsitsa mawu, mumusunthe malo. Zokambirana zikhale pambuyo, osati pamaso pa anzake. Chilango chifanane ndi mlandu ndipo chichitike akaweruka: wataya zinyalala atole, wang'amba buku alimate, watukwana mnzake apepese.

Otsutsa alipo, ndipo si opusa. Kholo limabwera lokha n'kunena kuti, “Aphunzitsi, ameneyu musamunyengerere, m'kwapuleni, kuongola mtengo m'poyamba.” Mphunzitsi wotopa, wa ana 100, amaona kuti mkwapulo umagwira ntchito pompopompo pamene kukambirana kumadya nthawi. N'zoona, umagwira. Koma chimene umabala ndi bata la mantha, ndipo mwana wamantha safunsa funso, sayesa kuwerenga mawu amene akukayika, amaphunzira kubisala kumbuyo kwa “eee, madamu”. Wamkulu msinkhu, wa zaka 15 mu Sitandade 5, amangosiya n'kukayamba kabaza. Mlimi wa fodya amadziwa kuti mbande saiongola ndi chibonga. Kholo lotere ndi bwino kulikhazika pansi, kuliyamika kuti labwera, n'kugwirizana nalo chochita china: lizidzaona kope Lachisanu lililonse, ngakhale lisadziwe kuwerenga.

Zambiri zimene timazitcha kusamvera zimachokera kunja kwa mpanda. Teremu yachiwiri imagwa m'miyezi ya njala, pamene nkhokwe zapepuka ndipo ana amatsagana ndi makolo ku ganyu. Fodya akayamba kucha, manja a ana amafunika kuthyola ndi kusoka m'chigafa. Tsiku la msika ku Nsundwe, ku Nsaru kapena ku Namitete, makalasi a siniya amachepa. Mwana wosinza 10 koloko mwina sadadye chiyambire dzulo masana. Mphunzitsi sangathetse njala, koma angaike kuwerenga ndi masamu m'mawa mitu isanalemere, angapewe kuyamba mutu watsopano tsiku la msika, ndipo angakonzeretu kuti wojomba akabwerera mnzake wa m'gulu amuonetse zimene zidadutsa. Kumene kuli phala, kaya la mabungwe monga Mary's Meals, imene idayambira ku Malawi konkuno m'chaka cha 2002, kaya la munda wa sukulu wolimidwa ndi makolo, kusiyana kwake kumaoneka pa kaundula.

Ndiye pali gule. Mkangano wa mishoni ndi dambwe ndi wakale ngati sukulu zomwezi. Ian Linden adaulemba m'buku lake la 1974 lonena za Akatolika ndi Achewa m'nthawi ya Nyasaland. Zinthu zidasintha: Bambo Claude Boucher adatsegula Kungoni ku Mua m'chaka cha 1976 kuti Mpingo umvetse chikhalidwe, ndipo UNESCO idalemekeza Gule Wamkulu m'chaka cha 2005. Komabe m'kalasi nkhaniyi ikadali yamoyo. Mnyamata wobwera kudambwe amadziona munthu wamkulu, ndipo kumukalipira ngati khanda pamaso pa atsikana, makamaka akakhala madamu, ndi kuputa nkhondo. Kunyoza gule m'phunziro la Baibulo nako kumangotseka makutu a theka la kalasi. Chimene chimathandiza ndi kumupatsa udindo woyenera ukulu akudzimvawo, monga kuyang'anira gulu kapena kusunga mabuku, ndiponso ahedi ndi komiti kukhala pansi ndi mafumu kuti chinamwali chizichitika pa holide. M'midzi ina mafumu amatuma zilombo kukusa ana ojomba kupita nawo kusukulu. Ana amafikadi, ali wefuwefu. Koma chilombo chimathera pa mpanda, ndipo chowasunga mpaka belu lomaliza chiyenera kupezeka m'kalasimo.

Kwa atsikana, amayi a mother group ndi amene amadziwa zimene mphunzitsi wamwamuna sangafunse: amene wajomba chifukwa ali kumwezi ndipo pa sukulu palibe posinthira, amene akumufunsira banja. Chiyambire 1993 lamulo limalola mtsikana amene adachira kubwerera kusukulu. Pa sukulu ya mpingo ena amachita nazo tsinya, ati tikulimbikitsa tchimo. Ine ndimati sukulu imene imaphunzitsa fanizo la mwana wolowerera Lachiwiri singamutsekere chitseko Lachitatu, ndipo mphunzitsi amene amuponyera mawu oti “amayi awa” m'kalasi wamuthamangitsa kachiwiri. Mbali ina ya nkhani yomweyi ndi khalidwe la mphunzitsi mwini: osatuma mtsikana kunyumba kwake, osatsekera mwana yekha mu ofesi. Maepiskopi ali ndi ndondomeko yoteteza ana, koma imagwira ntchito pokhapokha mwana akadziwa munthu woti akamuuze.

Zonsezi tikusenzetsa munthu amene mwina nyumba ya pa sukulu alibe, amapalasa njinga kuchokera ku lendi pa tauni, ndipo mwezi ukatha amataya tsiku kukafuna malipiro. A PEA ali ndi sukulu zambiri m'zoni mwawo, sangafike kawirikawiri. Thandizo lapafupi ndi la aphunzitsi okhaokha: kuonererana phunziro kamodzi pamwezi, wina kukhala kumbuyo n'kuwerenga ana amene sadafunsidwe kanthu. Bambo mfumu nawo asamangofika pa Misa yotsegulira teremu. Nyumba za aphunzitsi, zitseko ndi zimbudzi ndi nkhani za mwini sukulu. Ndipo dayosizi ya Lilongwe ili ndi chida chimene sukulu zina zilibe: miphakati, imene Ambuye Patrick Kalilombe adailimbikitsa m'zaka za m'ma 1970. Mphakati umadziwa khomo lililonse. Dzina la mwana amene wasowa sabata ziwiri likafika kumeneko, amayi awiri akhoza kukagogoda pakhomopo ahedi asanalembe n'kalata yomwe.

Mu Sitandade 2 muja, madamu atsata kanjira kufika kukhoma. Aona chiwala, osachilanda. Amutchula mwanayo dzina, n'kufunsa: “Kodi ichi n'chiyani, iwe?” “Chiwala, madamu.” “Tanena pang'onopang'ono.” “Chi-wa-la.” Amupatsa choko kuti akaloze “wa” pabolodi, aloza “ma”, mnzake wa m'gulu amukonza, aloza kachiwiri. Pobwerera, buku aligwira bwino. Madamu alemba dzina lake m'kabuku, pamzere wa otsala akaweruka, pamodzi ndi ena 11. Pa tsamba lina pali maina 30 a amene sadabwere lero, ndipo asanu ndi awiri mwa iwo, atsogoleri a magulu anena kuti ali m'chigafa.